Gitala yopanga pakhomo ikamakana kutchunika

Dandaulo limene limabwerabwera kwa opanga magitala ndi mabanjo pakhomo ndi lomwelomweli. Chida chatha, chapakidwa vanishi, tsiku loyamba chalira mokoma, koma pakangotha masabata awiri sichigwirizananso ndi chinzake chilichonse. Mwatchuna m'mawa, pofika masana nsambo zatsika. Kapena nsambo zikumveka bwino mukaziliza osagwira, koma mukangoika zala pakhosi mawu ake akukangana. Ambiri akafika apa amathamangira kusintha nsambo, zatsopanozo n'kuchitanso chimodzimodzi.

Matenda ake alipo awiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Oyamba ndi a gitala yosasunga mawu, pamene china chake chikusuntha: chikhomo chotchunira, mfundo, khosi kapena chigubu. Achiwiri ndi a gitala yonama, pamene palibe chikusuntha koma miyeso inalakwika popanga.

Yambani ndi pensulo

Tchunani nsambo zonse. Pulogalamu yotchunira ya pa foni ndi yokwanira, ndipo imagwira kusiyana kochepa kumene khutu lotopa silingamve. Kenako lembani timizere ta pensulo: kamodzi kochoka pa chikhomo chilichonse kufika pa thabwa la kumutu, kena kozungulira mapazi a buliji, kamtengo kaja kamene nsambo zimatsamira pa chigubu, ndi kena pomwe khosi lalowera m'chigubu. Igonekeni gitalayo m'nyumba usiku wonse osaigwira.

M'mawa onani. Ngati yatsika nsambo imodzi yokha, vuto lili pa nsamboyo, chikhomo chake kapena mfundo yake. Ngati zatsika zonse pamodzi, zisiyeni nsambozo, wolakwa ndi khosi, chigubu kapena chikopa. Ngati zonse zili pomwe munazisiya koma zala zikagwira mawu akusokonekera, nkhani ndi ya miyeso. Chilichonse chimene mupeze, konzani chinthu chimodzi, tchunani, yesaninso. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza ndi chimene chawonjezera vuto.

Ikatsika nsambo imodzi

Nsambo yatsopano imatanuka, ndipo limenelo si vuto. Ikokereni m'mwamba pang'ono ndi zala chapakati, tchunani, bwerezani kanayi kapena kasanu mpaka ileke kutsika. Yachitsulo imakhazikika tsiku lomwelo. Ya nayiloni, monga chingwe cha mbedza, imatha sabata yathunthu ikutsikabe.

Waya wa mabuleki a njinga ndi wabwino, koma ali ndi khalidwe lake. Chingwe cha buleki chimakhala cha mamilimita 1.5 kapena 1.6, ndipo chambiri chimapotedwa ndi timawaya 19, kalikonse ka mamilimita pafupifupi 0.3, muyeso womwewo wa nsambo yoyamba ya gitala yogula. Kapakati kokha ndi komwe kamatuluka kowongoka. Tinato timatuluka topotanapotana, ndipo mukatimanga momwemo timawongoka pang'onopang'ono kwa masiku ambiri, mawu akutsika. Tiwongoleni musanamange: mangani nsonga imodzi ku msomali wolimba, inayo ku kamtengo, kokani mwamphamvu uku mukupititsa chogwirira cha sikuludiraiva m'litali mwake kangapo. Waya amene wapindika mwakuthwa penapake kapena wagwira dzimbiri tayani, chifukwa adzadukira pomwepo, ndipo sangatchunike bwino ngakhale asanaduke. Pokoka ndi potchuna koyamba nkhope ikhale kumbali. Waya akaduka amakwapula, ndipo diso silibwerera.

Za waya wa m'tayala, amene ambiri amaika pa babatoni ndi pa nsambo yaikulu ya banjo: musamutenge pa tayala lowotcha. Moto umafewetsa chitsulo. Waya wotere mukamumanga amangotalika osabwerera, mutchuna mpaka chikhomo kudzaza. Chekani mkombero wa tayala ndi mpeni, solorani wayayo ali wosapsa, palani mphira wotsalira ndi sandipepala.

Mzere wa pensulo ukasonyeza kuti chikhomo chabwerera m'mbuyo, chitulutseni muchiyang'ane pa kuwala. Malo onyezimira ndi okhawo amene akugwira m'bowo. Chikhomo chokwana bwino chimanyezimira kuzungulira konse, kumbali zonse ziwiri za bowo. Chikanyezimira pakadontho kamodzi ndiye kuti bowo ndi lowongoka pamene chikhomo n'chosongoka, ndipo chimangogwira pakamwa pa bowo pokha. Opanga vayolini amasongola zikhomo ndi mabowo ake mofanana, milimita imodzi pa mamilimita 30 aliwonse. Kusongoka kukapitirira kwambiri apa chikhomo chimatumphuka chokha.

Chokuzira bowo chosongoka mungapange ndi mpeni umodzi wa sizasi yakale. Unoleni pa mwala mpaka kusongoka kwake kuyandikire muyeso umenewu, ikani kamtengo kopingasa m'chogwirira chake, zungulizani m'bowo mosakanikiza. Kenako palani chikhomo ndi chidutswa cha galasi, pochotsa malo onyezimira okha, kuyesa, kupalanso, mpaka chigwire ponse. Chikamaterereka pakani choko. Chikamalimba n'kumadumpha pakani sopo wouma pang'ono ndi choko pamwamba pake. Mafuta ayi. Mtengo wa chikhomo ukhale wolimba kuposa wa kumutu: muwanga, tsanya kapena phingo. Dziwaninso kuti zikhomo zimafufuma m'dzinja ndipo zimakhwepa m'chilimwe, choncho chimene chinkagwira mu February chikhoza kumasuka mu October popanda kulakwa kwa mmisiri.

Kunena zoona, pa nsambo zachitsulo zikhomo zamtengo zimavutitsa, chifukwa kupotoza pang'ono chabe kumasintha mawu kwambiri. Bawuti ya M6, ndiye kuti yonenepa mamilimita 6, yokhala ndi diso kumutu, washala ndi nati ya mapiko zimachita bwino koposa. Nati ikazungulira kamodzi imakoka nsambo milimita imodzi yokha, ndipo siibwerera yokha.

Onaninso mmene nsambo yakulungidwira. Yaikulu izungulire kawiri kapena katatu, yaing'ono kanayi kapena kasanu, mizere yogundana bwino, yosakwerana. Mulu wa waya wopiringizana pa chikhomo umaphwa pang'onopang'ono. Kumchira, nsambo isamangidwe pa bowo la chitini chenichenicho, poti waya amacheka chitinicho ngati mpeni. Imangidwe ku mtengo, kapena pa kamsomali kopingasa kotsamira pa washala.

Pali kena kamene kamasokoneza ambiri. Mukupotoza chikhomo, mawu sakusintha, kenako mukumva kuti "thi!" mawu n'kudumpha kupitirira. Apa nsambo ikukanirira mu kampata ka kafupa ka kumutu, kaja kamene nsambo zimatsamira pothera khosi zisanafike ku zikhomo. Kulitsani kampatako pang'ono ndi sandipepala wopinda, kapendekere chakuzikhomo, ndipo pakanimo mtovu wa pensulo.

Zikatsika zonse: khosi

Pano ndi pamene magitala ambiri opanga pakhomo amafera. Nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, usana ndi usiku. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50, ndiye ganizirani thumba limodzi ndi lina latheka litapachikidwa pa kathabwa kopyapyala chaka chonse. Za nayiloni zimakoka pafupifupi 40. Nsambo imodzi ya mamilimita 0.3 yotchunidwa ngati yoyamba ya gitala imakoka pafupifupi makilogalamu 10, kotero ngakhale banjo ya nsambo zinayi ili ndi katundu wosachepa.

Khosi likagonja limapindikira kutsogolo ngati uta. Mutu umayandikira buliji, nsambo zimakhwefuka, inu mumatchunanso, ndipo kutchunako kumalipinda kwambiri. Chizindikiro chake n'chakuti nsambo zimakwera kutalikirana ndi mafureti, tizitsulo topingasa ta pakhosi tija, zala n'kuyamba kupweteka.

Poyesa, gwiritsani nsambo yomweyo ngati lula. Gitala ili yotchuna, kanikizani nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi dzanja lina, ndi pa fureti yomaliza ndi linalo, wina ayang'ane mpata wa pakati pa nsambo ndi fureti yapakatikati. Uyenera kukhala wa mamilimita 0.2 mpaka 0.3, wongolowa mapepala awiri kapena atatu a m'kope. Ukakwana kulowa ndalama yachitsulo, khosi lapindika. Ngati mpatawo uli bwino koma nsambo zili m'mwamba ndithu, khosi ndi lowongoka koma lagwedera polumikizira, ndipo mzere wa pensulo uja uonetsa.

Chifukwa chachikulu ndi mtengo wauwisi. Thabwa logula pamsika limatha kuoneka louma kunja mkati muli madzi. Lamulo lakale la akalipentala ndi chaka chimodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kuchindikala, thabwa lili pamthunzi podutsa mphepo, timitengo titayalidwa pakati pa matabwa, nsonga zitapakidwa penti kapena phula la kandulo kuti zisang'ambike. Njira yosanama ndi sikelo. Yezani thabwalo sabata iliyonse, lembani kulemera kwake pa thabwa pomwepo. Likakhala masabata atatu osapepukanso, lauma molingana ndi nyengoyo. Njira yachidule ndi kugula mtengo wakale: felemu ya chitseko chogumulidwa kapena mbali ya bedi lothyoka. Umenewo unamaliza kalekale kusuntha. Ingoonetsetsani kuti ulibe timabowo totuluka ufa.

Mlombwa ndi wabwino kwambiri pa khosi chifukwa sufota kwambiri pouma. Mbawa ndi wa banja la mahogany, mtengo umene mafakitale ambiri amapangira makosi a magitala. Malaina sapotoka kwambiri akauma, koma amachedwa kuuma ndipo ndi ofewa. Paini payekha sapirira nsambo zachitsulo. Bulugama ndi wolimba, koma wamng'ono amapotoka ndi kung'aluka, ndipo khosi lopotoka ngati chingwe silikonzeka.

Kuchindikala kuli ndi mphamvu kuposa mmene ambiri amaganizira. Khosi la mamilimita 25 ndi lolimba pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa la mamilimita 20 la mtengo womwewo. Kukulitsa m'lifupi sikuthandiza motero. Ndiye posema kumbuyo kuti dzanja ligwire bwino, chotsani m'makona, musadye pakati pa msana. Thabwa lokayikitsa ling'ambeni pawiri m'litali, tembenuzani chidutswa chimodzi kuti mizere ya kunsonga iyang'anizane, matani. Chidutswa china chikafuna kukhotera uku, chinzake chimakokera uko. Ngati mulibe makalampu, mphira wodula ku chubu cha njinga, wokulungidwa mothina mizere yambiri, umafinya mokwanira.

Cholimbitsa chosavuta ndi chitsulo chafulati cha mamilimita 3 kwa 12, choimika cham'mbali mu ngalande yosemedwa pakati pa khosi, pansi pa thabwa la mafureti. Chikagona chafulati sichithandiza kanthu. Ngalandeyo ikhale yothina, ndipo chitsulo chimatidwe ndi guluu wa epoxy, wosakaniza mitundu iwiri uja, chitapalidwa dzimbiri ndi mafuta. Chitsulo chogwedera m'ngalande chimalira chokha mkati.

Nanga khosi lopindika kale? Ngati lapindika pang'ono ndipo mtengo tsopano wauma, chotsani nsambo ndi mafureti, lisiyeni sabata, lipaleni ndi pulena liwongoke, ikani chitsulo chija, bwezerani mafureti. Kuliwongola polifinya pa thabwa lina padzuwa kumathandiza kwa kanthawi, koma kawirikawiri limabwerera pakatha miyezi yochepa. Lopindika kwambiri kapena lopotoka, semani lina. Poyembekezera, nsambo zopyapyala kapena kutchuna motsikirako kumachepetsa katundu.

Guluu nayenso amagonja. Woyera wa matabwa ndi wabwino pamene matabwa agundana bwino, koma akatenthedwa ali pa katundu amatsetsereka pang'onopang'ono. Gitala yopachikidwa pafupi ndi malata m'mwezi wa October, kapena yosiyidwa m'galimoto padzuwa, imasuntha molumikizira ngakhale inamatidwa bwino. Guluu womatira nsapato alibe malo pa gitala, chifukwa sauma gwa.

Chigubu ndi chikopa

Khosi lokhomedwa ndi misomali kunja kwa chigubu lidzagwedera basi. Mtengo wa khosi uyenera kupyoza chigubu chonse n'kutulukira kumchira, nsambo n'kumangidwa ku mtengo womwewo, kuti chitini chisanyamule kukoka kwa nsambo. Mkati, semani mtengowo utsike mamilimita pafupifupi 5 kuti usakhudze nkhope ya chigubu. Ukakhudza, mawu amafa. Mabowo olowera akhale othina. Ngati akula, khomeranimo timphanje ta mtengo wolimba ndipo mangani ndi sikuluu.

Ikani lula pa nkhope ya chigubu pafupi ndi buliji. Mukaona chidikha, chitini chikumira, ndipo chikamamira nsambo zimatsika. Kulitsani mapazi a buliji kuti katundu agawike, kapena matani kamtengo kopepuka kopingasa mkati, pansi pa buliji. Kakakula kwambiri kamapha mawu, choncho yambani ndi kakang'ono. Chigubu chimene munali petulo kapena mankhwala a mbewu musachigwiritse ntchito n'komwe, ndipo cha oyilo chitsukeni ndi sopo ndi madzi otentha musanachiboole.

Banjo ya chikopa cha mbuzi imatsatira nyengo. Kukachita chinyezi, m'dzinja kapena masiku a chiperoni, chikopa chimalefuka, buliji imamira, mawu amatsika. Kuiika padzuwa mphindi zochepa kumachikunga, koma tchunani pambuyo pake, osati musanaiwambe. Pafupi ndi moto chikopa chimauma mopitirira n'kung'ambika pa misomali. Chikamalefuka nyengo iliyonse ndiye kuti chinakungidwa mosakwanira. Chichotseni, chinyikeni m'madzi usiku wonse, chikungeni chili chonyowa, mukukhoma mbali zoyang'anizana mosinthana, timisomali totalikirana mamilimita 20. Chiume pamthunzi masiku atatu buliji isanakhalepo.

Gitala yonama

Kaligo ndi babatoni alibe matenda awa, chifukwa alibe mafureti ndipo woliza amasaka mawu ndi khutu. Pa gitala fureti ikakhala polakwika, woimba sangachitire mwina.

Fureti ya 12 iyenera kukhala pakatikati pa nsambo. Yezani kuchoka pa kafupa ka kumutu kufika pa fureti ya 12, kenako kuchoka apo kufika pa buliji. Muyeso wachiwiri ufanane ndi woyamba, kuwonjezerapo pang'ono: mamilimita pafupifupi 2 ku nsambo yaing'ono, 4 kapena 5 ku yaikulu. Kuwonjezeraku kulipo chifukwa chala chikakanikiza nsambo chimaikokanso, mawu n'kukwera pang'ono, ndipo yaikulu imakwera kwambiri. N'chifukwa chake buliji ya gitala ya nsambo zachitsulo imakhala yopendekeka.

Potsimikiza, khudzani nsambo mopepuka pamwamba penipeni pa fureti ya 12 osaikanikiza, lizani, chotsani chala. Imatulutsa kamawu koyera ngati kabelu. Kenako kanikizani pa fureti yomweyo mulize. Mawu awiriwa afanane. Ngati okanikizawo akwera kuposa kabelu, sunthirani buliji kumchira. Ngati atsika, isunthireni kukhosi. Sunthani milimita imodzi, tchunani, yesaninso. Oliza bangwe amachidziwa bwino chimenechi, kuti kamtengo kapansi pa nsambo kakasuntha pang'ono mawu asintha. Pachifukwa chimenechi buliji ya gitala ya chigubu ndi bwino isamatidwe. Nsambo zimaigwira zokha, ndipo mukapeza malo ake lembani mzere wozungulira mapazi.

Buliji ikakhala pabwino koma mafureti ena akunamabe, yezani mafuretiwo. Kukopera ndi maso pa gitala ina, kapena kuwatalikitsa mofanana, ndiye gwero la vutoli. Lamulo lake ndi ili: gawani kutalika kwa nsambo ndi 17.817, yankho ndi malo a fureti yoyamba. Chotsani yankholo pa kutalika kuja, gawani chotsalacho ndi 17.817, mupeza mpata wofika pa yachiwiri, n'kumapitiriza choncho. Pa nsambo ya mamilimita 650, kuyeza kuchokera pa kafupa, mafureti 12 oyamba amakhala pa 36.5, 70.9, 103.4, 134.1, 163.1, 190.4, 216.2, 240.5, 263.5, 285.2, 305.7 ndi 325. Pa ya mamilimita 600, imene imakwanira bwino chigubu cha malita asanu, amakhala pa 33.7, 65.5, 95.5, 123.8, 150.5, 175.7, 199.5, 222.0, 243.2, 263.3, 282.2 ndi 300.

Muyeso uliwonse uyambire pa kafupa. Mukamayeza kuchoka pa fureti kufika pa inzake, kulakwitsa kwa theka la milimita kumasonkhana, pofika pa ya 12 mwasochera mamilimita angapo. Gwiritsani lula yachitsulo yomangidwa pa khosi, osati tepi ya telala imene imatanuka, ndipo lembani ndi nsonga ya mpeni chifukwa mzere wa pensulo yobuntha ndi wonenepa kuposa kulakwitsa kololedwa. Fureti yosochera kupitirira theka la milimita izulidwe, mpata wake utsekedwe ndi kachidutswa ka mtengo ndi guluu, ichekedwenso.

Sowo yochekera mipata mungapange ndi mpeni wa sowo yodulira zitsulo. Matani timatabwa tiwiri m'mbali mwake kuti mano okha atulukire muyeso umene mukufuna, mipata yonse izame mofanana. Ngati mafureti ndi a masipoko a njinga, a mamilimita 2, mpata uzame theka la sipoko, ndipo amatidwe ndi epoxy.

Nthawi zina mafureti ali pamalo pake koma atatu oyambirira okha ndiwo akukweza mawu. Apa kafupa ka kumutu katalika. Kanikizani nsambo pa fureti yachitatu, yang'anani pa yoyamba: mpata ukhale wongolowa pepala limodzi. Ukaposa, zamitsani kampata pang'onopang'ono, mukuyesa mukangopala kawiri kapena katatu, chifukwa mukapitirira nsambo iyamba kulira ngati bemberezi ndipo mudzafunika kafupa kena. Fupa la mwendo wa ng'ombe, lowiritsa mpaka mafuta atatha n'kuumitsidwa, limaposa mtengo ndi pulasitiki. Pa fureti ya 12, mpata wa nsambo zachitsulo ukhale mamilimita 2 mpaka 3. Ukapitirira apo, ngakhale miyeso yolondola imanama.

Kulira kwa bemberezi pa fureti imodzi yokha kumatanthauza kuti yotsatira yake yatumphuka. Ikani kachitsulo kowongoka kokwana mafureti atatu. Kakagwedezeka ngati mpando wa miyendo yosiyana, yapakatiyo ndi yaitali. Yambani mwaona ngati yazuka, muikhomerere. Ngati ili pansi ndithu, chotsani nsambo, pakani inki ya maka pamwamba pa mafureti onse, matani sandipepala wosalala pa galasi la windo la maluva, limene ndi lowongoka kuposa thabwa lililonse la m'nyumba, ndipo palani m'litali mwa khosi mopepuka. Inki iyamba kuchoka pa mafureti aatali. Lekani pomwe yangochoka pa onse, kenako zungulizani m'mbali mwa fureti iliyonse ndi tupa kuti pamwamba pakhale kamzere kopyapyala pakati. Fureti yosiyidwa yafulati imasuntha malo amene nsambo imagundira, ndipo gitala imayambanso kunama.